Inu amene mukutumizirana vidiyo ya nesi ija, khalani pansi mumve

Ana anga, ine si munthu wolembalemba pa foni, maso anatha kalekale, koma izi zokha ayi ndilankhulepo. Vidiyo imene mwakhala mukutumizirana pa WhatsApp kuyambira Lachiwiri, ya nesi akukalipa pa kiliniki kuno ku Harare, inu pansi pake n'kumalemba kuti manesi a masiku ano ndi amwano, ena mpaka kuika tinkhope toseka, dziwani kuti ine ndinalipo tsiku limenelo. Ndinali pa benchi ndi khadi langa kudikira mapiritsi a BP.

Mnyamata wodwala wa mu vidiyoyo anabwera naye atam'manga manja ndi waya woyanikira zovala, waya atalowa m'mnofu magazi ataumirapo, milomo ili gwa akungoyankhula yekha. Nesi anali m'modzi, mnzake ali kwa amayi oyembekezera, layini yafika ku geti. Anatisiya tonsefe n'kuthamangira mnyamatayo kuti am'masule, pomasulapo mnyamata anamuluma pa dzanja, ndipo mayi uja analibe ngakhale magolovesi. Sanakalipe. Anakweza mawu atatsegula khadi la wodwalayo n'kuona kuti mankhwala anatenga komaliza miyezi isanu yapitayo. Amalume ake amvekere tinapita naye ku mapemphero anatiuza kuti wachira ndiye mapiritsi tinataya m'chimbudzi. Apa m'pamene mtsikana wina anatulutsa foni. Mwaona pamene vidiyo yanu yayambira?

Ine ndine munthu wa tchalitchi, sindikunyoza pemphero ayi. Pempherani, koma pempherani mwana akumwa mankhwala. Matenda a m'mutu awa akaoneka ngati atha si kuti atha, ndi mankhwalawo amene akuwapondereza, mukangosiyitsa mwadzidzidzi amabwerera ndipo nthawi zambiri amabwera ndi ukali woposa poyamba. Mukaona kuti mapiritsi akumugonetsa kwambiri, khosi likuuma, malovu akutuluka kapena manja akunjenjemera, bwererani naye kwa a sisita mukawauze, amadziwa kusintha, ena amawapatsa jakisoni wa pa mwezi ngati kumwa tsiku ndi tsiku kukuvuta. Koma inu ayi, mumakambirana nokha pa khonde kuti awa ndi maula, walodzedwa ndi azakhali akumudzi, mizimu ya ku Malawi ikumufuna. Mumutsekera m'chipinda cha kuseri kuopa anthu a pa layini angadziwe, ndipo akaswa mawindo m'pamene mumakumbuka kuti kuli chipatala.

Nanga za mutoriro, mankhwala ozunguza bongo aja amati crystal meth, tinene chiyani. Ku Mbare, ku Mufakose, ku Highfield, ku Epworth, ndani sakudziwa nyumba imene amagulitsa? Mwana wanu watha masiku atatu osagona osadya, wagulitsa ayironi ndi silinda ya gasi, mabotolo a bronco, mankhwala a chifuwa amene amaledzera nawo, ali mbwee kuseri kwa nyumba, inu mungoti ndi chinyamata chidzatha. Tsiku limene wayamba kuona anthu amene inu simukuwaona mufuna nesi achite zozizwitsa pa mphindi zisanu.

Tsono nesi amene mukumutukwanayo mukumudziwa? Anzake amene anaphunzira nawo ambiri ali ku UK, ku Ireland, ku Australia. Ogwira ntchito za umoyo anachoka m'dziko muno zikwizikwi zaka zapitazi, mpaka mu 2023 bungwe la WHO linaika Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko amene ali pa chiopsezo chosowa anthu a zaumoyo. Mu 2018 atachita sitalaka boma linalengeza kuti lawachotsa ntchito, ndipo lamulo la 2023 likuti sitalaka yawo isapitirire maola 72. Ndiye watsalayo akugwira ntchito ya anthu atatu, malipiro akuthera pa lendi ndi kombi, mankhwala akasowa pa shelefu ndi iyeyo amene amayang'anizana ndi inu n'kukuuzani kuti kagule ku famase, ngati kuti wawabisa m'chikwama. Sindikuti manesi onse ndi angelo, amwano alipo ndinakumanapo nawo. Koma wamwano mumakamunenera kwa sisita wamkulu wa pa malopo, osati kumwaza nkhope yake pa intaneti kuti ana ake akaione ku sukulu.

Ndili ndi mdzukulu wanga nesi. Akaweruka naiti amafika kunyumba n'kukhala pa mpando wa kukhitchini ndi yunifomu yomweyo, tiyi kuzizira m'kapu iye maso ali phee pa khoma, ukamufunsa amangoti palibe agogo ndatopa chabe. Tsiku lina anandiuza kuti akatseka maso amaona odwala amene anamwalira m'manja mwake. Wosamalira odwala amasamalidwa ndi ndani? Ndinaona fomu ya pasipoti pansi pa Baibulo lake ndipo sindinanene kanthu, ndikanamuletsa ndi mawu ati.

Thandizo lilipo, ulesi ndi manyazi ndi zimene zikutipha. Pa chipatala cha Parirenyatwa pali Annex ya odwala misala, pa chipatala cha Sally Mugabe chimene ife timachitchulabe kuti Gomo pali mbali ya matenda a m'maganizo, simukuyenera kudikira kuti munthu afike potumizidwa ku chipatala cha misala cha Ingutsheni ku Bulawayo. Ndipo pa amene mtima ukungolemera, tulo osabwera, zimene anzathu Achishona amati kufungisisa, kuli Friendship Bench imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa konkuno ku Mbare, agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa kiliniki, umakhala nawo n'kukhuthula za kukhosi popanda kulipira. Anthu akunja akubwera kudzaphunzira nzeru imeneyi ife eni ake tikudutsa pomwepo osayang'anako. Makamaka inu abambo, mumati mwamuna salira, kenako ife a sosayiti ya maliro ndi amene timasonkha ndalama ya bokosi titakupezani pa chingwe. Munthu akanena kuti ndatopa ndi moyo musamuseke, musamusiye yekha, pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Mnyamata amene mukumuseka mu vidiyo ija ali ndi amayi ake, ndinawaona ine akulira atatsamira mpanda chitenje chili kumaso, ndipo palibe anamupempha chilolezo mwanayo kuti ajambulidwe ali m'matenda.

Ndiye amene muli nayo ifufuteni lero. A admin a gulupu, mwandimva. Loweruka pa msonkhano wa sosayiti ndidzaimirira ndi nkhani yomweyi, ndipo iwe mtsikana amene unajambula, agogo ako ndimawadziwa, ubwere kunyumba tipite limodzi ukapepese kwa a sisita aja.