Wofuna kukaphunzira za magemu ku Japan ayambe ndi chiyankhulo

Achinyamata ambiri masiku ano amalakalaka kukaphunzira ku Japan, ndipo mukawafunsa chifukwa chake amatchula magemu a pakompyuta, makatuni ndi mafoni amakono. Makolo ena akamva zimenezi amapukusa mitu, n'kumafunsa kuti mwana angawoloke bwanji nyanja kukaphunzira masewera. Ine sindigwirizana nawo makolo oterewa, komanso sindigwirizana ndi achinyamata amene amayesa kuti chimene chili ku Japan ndi zipangizo zonyezimira basi. Choyenera kukatenga kumeneko ndi kaganizidwe ka anthu amene anapanga zipangizozo, ndipo kaganizidwe kameneka sangakatole munthu amene sanakhetsere thukuta chiyankhulo chawo.

Kampani ya Nintendo inayamba mu 1889 mumzinda wa Kyoto, ndipo ntchito yake inali kupanga makadi osewerera ojambulidwa maluwa, otchedwa hanafuda. Mu 1989 inatulutsa Game Boy, kachipangizo kosewerera kogwirira m'manja, komwe ntchito yokapanga anaitsogolera ndi Gunpei Yokoi. Pa nthawiyo luso lopanga masikirini oonetsa mitundu yonse linalipo kale, moti makampani a Atari ndi Sega anatulutsa zipangizo zawo za zithunzi zokongola kwambiri. Yokoi anasankha dala sikirini yotchipa ya zithunzi zotuwa, pokhulupirira kuti luso lakale, limene latsika mtengo ndipo amisiri akulidziwa bwino, likhoza kuchita zazikulu ngati wina walipezera ntchito yatsopano. Game Boy inkalowa mabatire anayi n'kusewera nayo maola ambirimbiri, pamene Game Gear ya Sega inkatha mabatire 6 m'maola ochepa chabe, ndipo pamsika inapambana ndi yotuwa ija. Kwa mwana wa kuno kwathu, kumene anthu ambiri ali ndi mafoni otchipa, bandulo ndi yodula ndipo magetsi amazimazima, phunziro limeneli ndi laphindu kuposa kukagoma ndi mashopu a zipangizo zamagetsi a ku Akihabara mumzinda wa Tokyo.

Pa nkhani ya kulumikizana, mbiri yake ndi yofanana. Kachizindikiro ka QR komwe timajambula ndi foni anakapanga ndi Masahiro Hara ndi anzake ku kampani ya Denso mu 1994, ndipo cholinga chawo chinali kulondoloza zida za galimoto m'fakitale, osati kulipirira katundu. Mu 1999 kampani ya NTT DoCoMo inayambitsa i-mode, njira yolowera pa intaneti ndi foni yam'manja, ndipo Shigetaka Kurita anaijambulira tizithunzi ta emoji 176, kalikonse ka timadontho 12 m'litali ndi 12 m'lifupi, popeza sikirini inali yaing'ono ndipo uthenga unkayenera kufupika. LINE, imene anthu a ku Japan amatumizirana nayo mauthenga monga timachitira ndi WhatsApp, inabadwa mu 2011 pambuyo pa chivomezi ndi tsunami za mu Malichi chaka chimenecho, pamene kuimbirana mafoni kunavuta. Chilichonse mwa izi chinabwera poyankha vuto lenileni la anthu ake.

Sindikunena kuti zonse za kumeneko n'zosiririka. Dziko lomweli maofesi ambiri akugwiritsabe ntchito fakisi ndi zidindo za mayina m'malo mwa siginecha, ndipo boma lake linamaliza kuchotsa malamulo ofuna ma floppy disk, timadisiki takale tosungira zinthu za pakompyuta, mu 2024. Mafoni awo, amene anali patsogolo pa dziko lonse, anakanika kugulika kunja chifukwa anapangidwa moganizira msika wa kwawo wokha, ndipo iPhone itafika mu 2008 inawalanda msika pang'onopang'ono. Wophunzira wanzeru ayeneranso kufunsa chimene chinachititsa zimenezi.

Mafunso otere amayankhidwa m'Chijapani. N'zoona kuti mayunivesite angapo ali ndi maphunziro a m'Chingelezi, monga Ritsumeikan Asia Pacific University ya ku Beppu, koma misonkhano ya m'makampani a magemu, zolemba za amisiri awo ndi macheza a pambuyo pa ntchito zimayenda m'chiyankhulo chawo, chimene chili ndi mayankhulidwe aulemu osiyana malinga ndi msinkhu ndi udindo wa amene ukuyankhula naye. Ife amene tinaleredwa kuti wamkulu sitimuitana kuti iwe sitingadabwe nazo, komabe ziyenera kuphunziridwa. Zilembo za kanji, zochokera ku Chitchaina, zogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku zilipo 2,136, ndipo olemba ntchito ambiri amafuna kuti mlendo akhale atakhoza mayeso a Chijapani otchedwa JLPT pa milingo yapamwamba ya N2 kapena N1. Amene amangoyenda ndi alendo anzake amabwerako ndi digiri ndi zithunzi zambiri, koma za m'kati mwa ntchitoyo amangozimva kwa omasulira.

Njira zopitira zilipo. Boma la Japan limapereka thandizo la maphunziro la MEXT kudzera ku ofesi ya kazembe wake ku Lilongwe, ndipo palinso ABE Initiative, imene inalengezedwa pa msonkhano wa chitukuko cha Africa wotchedwa TICAD ku Yokohama mu 2013, yopereka digiri yachiwiri pamodzi ndi mwayi wophunzira ntchito m'makampani. Wodzilipirira yekha adziwiretu kuti lamulo limalola wophunzira wachilendo kugwira ganyu maola 28 okha pa sabata pa nthawi ya sukulu, ndiponso atatenga chilolezo, choncho asadalire kuti ganyuyo idzakwanira fizi, lendi ndi chakudya. Chaka cha maphunziro chimayamba mu Epulo ndipo mafomu amadzazidwa miyezi yambiri chisanafike, kotero nthawi yodikirayo ndi yokwanira kuti munthu aloweze hiragana ndi katakana, zilembo 46 mbali iliyonse, n'kuyambapo kanji asanakwere ndege.