Khanda limamvetsera lisanayambe kuyankhula

Ndikugwirizana ndi mfundo ya m'nkhani ina yomwe ndawerenga yakuti mwana amayamba kuphunzira chinenero asanatchule mawu ake oyamba, koma ndikanakonda alembi akanafotokozanso momwe khutu la khanda limasinthira m'chaka chake choyamba. Mu 1984, Janet Werker ndi Richard Tees a ku Canada adapeza kuti makanda a m'mabanja oyankhula Chingerezi, ali ndi miyezi 6 mpaka 8, ankatha kusiyanitsa maliwu ena a Chihindi, chinenero cha ku India, amene akuluakulu oyankhula Chingerezi ankavutika nawo, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri mwa makandawo anali atasiya kutero, chifukwa khutu linali litazolowera chinenero cha pakhomo. N'chifukwa chake ife oyankhula Chichewa timasiyanitsa "kuponya" ndi "kuphonya" mosavuta, koma "l" ndi "r" wa Chingerezi amatisokoneza, popeza kwathu kuno maliwu awiriwa sasintha tanthauzo la mawu.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi kafukufuku wa Patricia Kuhl wa ku University of Washington mu 2003. Makanda a miyezi 9 amene adacheza maulendo 12 ndi anthu oyankhula Chimandarini, chinenero cha ku China, adaphunzira kusiyanitsa maliwu a chinenerocho, pomwe anzawo amene adangoonera anthu omwewo pa kanema sadaphunzire. Ndikaona khanda litasiyidwa ndi foni kuti lisalire, mtima umandiwawa, ndipo ndimakumbukira agogo anga amene ankayankhula ndi mwana ali kumsana tsiku lonse, ngakhale akusinja kapena akutakasa nsima.