Kamera yopanda kumbuyo

Ndalusa ine lero, ndipo wina asandiuze zoti ndiugwire mtima.

M'mawa uno kwabwera mnyamata kukashopu kanga kuno ku Zomba, kamemori kadi kali m'manja. Akuti achimwene, mundidulire vidiyo iyi ikhale ya mphindi zitatu ndiponye pa Facebook. Anali ku Mangochi mwezi wa Julayi, mwera uli pachimake, kusewera zija zoima pathabwa kaiti n'kumakukoka pamadzi ndi zingwe zotalika mamita opitirira 20. Kamera anaiika pakandodo, kandodoko n'kukamangirira palamba wa m'chiuno. Ndi zija za 360, za magalasi awiri, lina uku lina uko, kenako kompyuta imasoka zithunzi ziwirizo kukhala chimodzi. Ndodo ija imasowera pamsoko, umangoona ngati pali mbalame ikumulondola pambuyo.

Kukongola ndiye sindikana. Madzi akuthovoka, mwana akudumpha mafunde, kaiti ili neng'a m'mwamba. Ndinayamba n'kumwetulira.

Ndiye ndakoka mausi kuti nditembenuze chithunzi ndione kumtunda. Abale inu! Padooko la amayi. Wina wamasula chitenje akusamba, wina wawerama akutsuka mapoto, kamtsikana kali ndi sopo kumutu. Akakhala patali anthu amaoneka ngati nyerere, koma iye ankadutsa pafupi penipeni, mobwerezabwereza, nkhope mpaka kuzindikirika.

Ndamufunsa, kodi amayi awa unawapempha? Akuti aaa achimwene, ine sindimajambula iwowo, ndimadzijambula ndekha.

Umadzijambula wekha bwanji ndi kamera yopanda kumbuyo? Kamera wamba ukailozetsa kunyanja, amene ali kumtunda apulumuka. Iyi ilibe kolozetsa. Ukaiyatsa yameza zonse, kumwamba, pansi, kumanja, kumanzere, ndipo kusankha choti chioneke kumachitika pambuyo pake, munthu atakhala pampando ngati wangawu. Ndiye kuti aliyense amene wagwira kadi imeneyi akhoza kutembenuza n'kumaonera amayi a eni ake akusamba. Lero ndi ine. Mawa ndi mnzake amene wabwereka laputopu.

Amayi aja anaona mnyamata akuseweretsa kaiti ndi kandodo kumsana, basi. Akanaona foni itawaloza akanakuwa, akanadziphimba, mwina akanamuponyera mwala. Apa akanadziwa bwanji? Kuba kwake n'komweko. Munthu wajambulidwa asakudziwa, ndipo wojambulayo akulumbira kuti sanajambule.

Ife tinakula tikudziwa kuti mwamuna ukamayandikira pamtsinje pomwe amayi amasamba umaima patali n'kukuwa odi, kudikira akuyankhe. Ngakhale ku Kachulu, kunyanja yathu ya Chilwa, msodzi amadziwa poyenera kuyang'ana kumbali. Lero mwana wagula chida cha ndalama zambiri, ulemu wausiya m'katoni momwe munali chidacho. Kaya ndi kutengera azungu a pa YouTube, kaya ndi njala ya ma like, izo n'zake. Amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo aka kakumeta amayi athu osanyowetsa.

Nyanja ndi yaikulu, imafika mpaka ku Karonga. Malo osewerera kutali ndi dooko anasowa? Kabatani kozimitsira kanali kolemera?

Ndamubwezera kadi yake. Ndati ukafufute kaye mbali yonse ya kumtunda, apo ayi kadulitse kwina, ndalama yako sindikuifuna. Watuluka akung'ung'udza kuti ndine wachikale. Eya, ndine wachikale.

Ndipo inu a mafoni pamaliro musaseke, nkhaniyi ndi yanunso. Sabata yatha ku Chinamwali namfedwa akugubuduka pansi, chitenje chitamasuka, wina waimirira pamutu pake foni ili m'mwamba, ati ali live. Mayi ako atakhala amenewo ungajambule?