Katemera sangapose liwiro la kachilombo ka korona, koma anthu akupulumuka

Mpaka lero ndimamvabe anthu akunena kuti, "Tinabayitsa katemera koma tinadwalabe, ndiye phindu lake n'chiyani?" Funso limeneli ndi lomveka ndipo liyenera kuyankhidwa moona mtima. Pa mpikisano wa liwiro, katemera amatsalira m'mbuyo, ndipo azitsalirabe.

Taonani mmene zinayendera. Katemera woyamba anapangidwa poyang'ana kachilombo kamene kanapezeka ku Wuhan kumapeto kwa 2019. Pamene ku Britain ankayamba kubaya anthu mu December 2020, mtundu wa Alpha unali utabuka kale m'dziko lomwelo, ndipo wa Beta unali ukufala ku South Africa. Mu February 2021 dziko la South Africa linaimitsa katemera wa AstraZeneca litaona kuti sankaletsa kwenikweni anthu kudwala pang'ono ndi Beta. Kenako kunabwera Delta. Mu November 2021 akatswiri a ku Botswana ndi South Africa anatulukira Omicron, imene inasintha m'malo oposa 30 pa timinga timene kachilomboka kamakolera nato m'thupi. Katemera wokonzedwa dala chifukwa cha Omicron anavomerezedwa cha mu August 2022, patapita miyezi pafupifupi 9. Katemera wolimbana ndi mtundu wa XBB.1.5 anatuluka mu September 2023, koma chaka chisanathe mtundu wina wa JN.1 unali utayamba kulanda malo. Kachilombo kamaberekana maola ochepa okha m'matupi a anthu mamiliyoni, pomwe katemera ayenera kuyesedwa, kuvomerezedwa, kupangidwa m'fakitale ndi kunyamulidwa m'mafiriji.

Koma abale anga, thupi lathu lili ndi asilikali a magulu awiri. Gulu loyamba limazindikira mdani poona chovala chake, ndipo limamutsekereza pakhomo. Kachilombo kakasintha chovala, ambiri mwa asilikali amenewa amasokonezeka, n'chifukwa chake munthu wobayitsa amatha kudwala chifuwa, mutu ndi kuphwanya m'thupi. Gulu lachiwiri, ma T cell, limadziwa mdani m'zizindikiro zambiri zimene sizisintha msanga. Limachedwerapo kufika, koma likafika limawononga maselo amene agwidwa matenda asanamize mapapo. Ameneyo ndi amene amasiyanitsa munthu wogona kunyumba masiku angapo akumwa madzi a mandimu ndi munthu wofuna botolo la oxygen pakati pa usiku.

Ife a ku Malawi kusiyana kumeneku tinakuona ndi maso. Mu January 2021, katemera asanafike, tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Maliro ankaikidwa mothamanga, achibale ataima patali, opanda kusambitsa thupi, opanda kugona pa siwa. Katemera 360,000 wa COVAX, ndondomeko yogawira mayiko katemera, anafika mu March chaka chomwecho, mayiko olemera atayamba kale miyezi itatu m'mbuyomo. Mu May tinatentha katemera pafupifupi 20,000 amene anatha mphamvu, chifukwa anabwera atatsala ndi masabata ochepa, komanso mphekesera za pa WhatsApp zinali zitaopseza anthu. Zimandiwawabe. Pamenepo kachilombo sikanatipose nzeru. Katemera anali m'manja mwathu, koma sanafike pa mkono wa agogo a kumudzi.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi zimene zinachitika Omicron italengezedwa. Akatswiri a kuno kummwera kwa Africa anauza dziko lonse mwachangu zimene anapeza, ndipo mphoto yake inali kutsekeredwa ndege. Malawi nayenso analowa pa mndandanda wa mayiko oletsedwa ku Britain ndi ku America. Mukalanga amene wakuchenjezani, mawa adzakuchenjezani ndani? Chonsecho katemera watsopano sangapangidwe ngati palibe amene akuunika kachilombo ndi kunena mmene kasinthira.

Njira ilipo kale, ndipo ndi ya chimfine cha fuluwenza. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limakumana kawiri pa chaka, mu February ndi mu September, kusankha mitundu imene katemera wa nyengo yotsatira alimbane nayo. Zaka zina amalasa bwino, zaka zina amaphonyako, koma okalamba amapulumuka ambiri. Korona nayenso walowa m'njira yomweyo. WHO inalengeza pa 5 May 2023 kuti korona salinso ngozi ya dziko lonse, koma kachilomboko sikanachoke.

Ine ndikufuna malo ngati Afrigen ku Cape Town, kumene akuphunzira kupanga katemera wamakono wotchedwa mRNA, athandizidwe mpaka katemera azipangidwa kuno kwathu. Ndipo ngati kwanu kuli amayi kapena abambo okalamba, odwala shuga, BP kapena amene akumwa ma ARV, afunsireni kuchipatala ngati akuyenera kubayitsanso, ndipo muwaperekeze.