Inu ogula mosaganiza, zinyalala zanuzi adzatola ndani?

Dzana ndaona munthu wamkulu ndithu akutuluka m'sitolo atanyamula zinthu zitatu m'majumbo anayi. Asanapite patali, awiri anawaponya m'ngalande. Abale, tafika pamenepa?

Majumbo opyapyalawa mumawagwiritsa ntchito mphindi zochepa, koma sawola. Amangophwanyika kukhala tizidutswa tolowa m'nthaka ndi m'madzi. Akatseka ngalande, mvula ikagwa madzi amasefukira m'nyumba, otsalawo n'kukhala poswera udzudzu. Mbuzi kapena ng'ombe ikameza majumbowa amaunjikana m'mimba, chiweto n'kumawonda mpaka kufa. Ndiye ena mumati muwatentha kuseri kwa nyumba. Utsi wakudawo ndi poizoni, ndipo oyamba kuupuma ndi ana anu omwe. Kodi kupinda chikwama chansalu n'kuchiika m'thumba ponyamuka kumalemera?

Nanga timapaketi ting'onoting'ono tija? Sopo waufa wa mwezi wonse mumagula m'timapaketi 20, pamene paketi imodzi yaikulu ikanakwana. Timeneti timapangidwa pomata pamodzi mitundu ingapo ya pulasitiki, nthawi zina ndi aluminiyamu, moti okonzanso zinyalala sangazilekanitse. Musamadzinamize kuti wina adzazisungunula: pa pulasitiki yense amene amatayidwa padziko lapansi, wokonzedwanso ndi pafupifupi 9 pa 100 alionse basi.

Pa chakudya ndiye mumanyanya. Kulowa m'sitolo muli ndi njala, opanda ndandanda, osayang'ana n'komwe zomwe zatsala m'firiji, n'kutola katundu chifukwa alembapo kuti watsika mtengo. Sabata isanathe, theka lawola. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linanena mu 2011 kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cholimidwa padziko limawonongeka kapena kutayidwa. Chikawolera kudzala chimatulutsa mpweya wa methane, umene umawonjezera kutentha kwa dziko. Lembani zofunika musanatuluke, werengani tsiku lothera ntchito pa paketi, zosachedwa kuwola mugule za masiku awiri kapena atatu okha.

Babu lakale lotentha lija mukuligulabe chifukwa chotchipa? La LED limadya magetsi osapitirira kotala la mnzakeyo, ndipo limakhala zaka. Mabatire otha, amene ena ali ndi zitsulo zapoizoni, mumawaponya kudzala komwe ana amasewera, pamene otchajanso alipo. Botolo lamadzi latsopano tsiku lililonse, ngati kuti lotsuka n'kuthiramo ena mulibe!

Ndinu akuluakulu inu. Lekani zimenezi.