Ngati simudzakhalako, musalilembe bomalo pa fomu

Ndakwiya, ndipo ndikufuna kuti amene nkhaniyi ikuwakhudza andimve bwino. Dzulo masana ndinali pa shopu ina yojambulitsira makalata pa Chitakale, ndipo patsogolo panga panali mnyamata wovala shati yoyera yosita bwino, atanyamula envulopu ya khaki momwe munali satifiketi yake ya MSCE, chiphaso cha unzika ndi fomu yofunsira ntchito ya boma. Anali atalemba zonse kupatula malo amodzi, pamene amafunsa mtundu wa ntchito imene munthu akufuna ndi maboma amene angakonde kukagwirako. Bambo wina wachikulire amene anabwera naye, wooneka kuti anadyapo ndalama ya boma kale, analoza pamalopo ndi cholembera n'kunena kuti: "Mphwanga, usatengeke ndi kwanu. Lemba Chitipa, lemba Likoma, lemba Nsanje, kumene anzako akukuopa. Chachikulu n'kulowa. Ukangopatsidwa nambala ya ntchito, tidzaona wolankhula naye kuti ubwerere kuno." Mnyamatayo anangoti, "Chabwino amalume," n'kulemba maboma atatuwo motsatana, osafunsa ngakhale kuti ku Likoma anthu amapita pa chiyani.

Limeneli ndi bodza, ndipo silisiya kukhala bodza chifukwa chakuti lanenedwa ndi munthu wa imvi. Munthu ukalemba dzina la boma pa fomu ya ntchito, ukuuza amene akulemba anthu ntchitowo kuti kumeneko udzapitako, udzamasula katundu wako, udzakhalako ndi kugwira ntchito imene wapempha. Amene akuwerenga fomuyo, kaya ali ku Civil Service Commission, ku Teaching Service Commission, ku Health Service Commission kapena ku bungwe lolemba ntchito anthu a m'makhonsolo, sangalowe mumtima mwako, amakhulupirira zimene dzanja lako lalemba. Akaona kuti mwana wa ku Mulanje wasankha yekha Chitipa, amamuwerengera kuti ndi mmodzi mwa anthu amene akatseke mpata umene uli ku Chitipa. Ngati iweyo polemba unali utayamba kale kuganizira za ulendo wobwerera, ndiye kuti wanamiza boma, ndipo choipa kwambiri n'chakuti wanamiza anthu a kumudzi amene sadzakuona n'komwe nkhope.

Ndikunena zimenezi mopsa mtima chifukwa ife a ku Mulanje ndi ku Thyolo ndife amene timalandira zotsatira za nzeru yopusayi chaka ndi chaka. Pali achinyamata a m'tauni amene amalemba Thyolo kapena Mulanje poganiza kuti konse kuno kuli ngati pa Bvumbwe kapena pa Luchenza, pamene munthu ungakwere minibasi Lachisanu madzulo n'kukagona ku Limbe. M'maso mwawo mumakhala msewu wa phula ndi minda ya tiyi yobiriwira ija amaiona pa zithunzi za pa Facebook. Kalata ikatuluka n'kupeza kuti awatumiza kumunsi kwa Thekerani, ku Sandama, kapena kumidzi ya m'malire kupitirira pa Muloza, kumene kabaza wa njinga yamoto amakana kupita mvula ikagwa, amayamba kulira ngati kuti wina wawalakwira. Ndani wakulakwirani? Thekerani ali ku Thyolo, ndipo Thyolo munalemba nokha ndi dzanja lanu. Walira mvula walira matope.

Aliyense amene anakhalapo m'komiti ya sukulu ya kumudzi akudziwa chimene chimachitika kenaka. Mphunzitsi watsopano amafika ndi kachikwama kamodzi ndi matiresi opinda, mafumu ndi makolo amasangalala, ena amamupezera nyumba, amayi amamubweretsera nthochi, chinangwa ndi nandolo. Sabata zingapo zikadutsa amayamba kusowa Lolemba ndi Lachisanu. Kenaka mumamva kuti wapita ku boma kukatsata nkhani ya malipiro, kenaka wadwala, kenaka akuti akudikirira kalata. Mukalowa mu ofesi ya ahedi mupeza dzina lake likadali pa tchati ya pakhoma, lolembedwa ndi maka yofiira moyang'anizana ndi Sitandade 2, koma ana a Sitandade 2 aja ali panja, awaphatikiza ndi a Sitandade 1, mphunzitsi mmodzi akukuwa pakati pawo mpaka mawu kutha. Ku chipatala chaching'ono n'chimodzimodzi: mayi amalawirira m'mamawa mwana ali kumsana, bukhu la sikelo atalikulunga m'jumbo kuopa mvula, n'kukapeza chitseko chili ndi loko chifukwa amene anapatsidwa malowo ali ku Blantyre kuthamangitsa transifa.

Ndipo musaganize kuti mukachoka, mawa kubwera wina. M'mabuku a boma malo aja amaoneka kuti ali ndi munthu kufikira nkhani yanu itatha, ndipo ngakhale itatha, kulemba wina kumadikira kuti ndalama zipezeke ndi chilolezo chituluke. Tonse tinaona mmene aphunzitsi omaliza maphunziro a IPTE, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi a ku pulayimale, akhala akudikirira zaka asanalembedwe ntchito. Choncho mpata umene mwasiya inu mwamasewera ukhoza kukhala chigwembe kwa nthawi yaitali kuposa imene munakhalako. Pamwamba pa zimenezo, pa tsiku la mayeso ndi la intavyu panali mnyamata kapena mtsikana wina amene anasankha boma lomwelo ndi mtima wonse, mwina ndi kwawo, mwina amadziwa chiyankhulo cha kumeneko, mwina anali wokonzeka kukakalambira komweko, koma anatsala chifukwa inu munamuposa ndi mamalikisi ochepa. Munamulanda malo amene simunawafune. Ngati kumeneko si kuba, ndiuzeni dzina lake.

Ndikudziwa kuti ntchito zikusowa, ndikukumbuka mmene anthu anapondanirana ndi kuvulala ku Mzuzu mu 2020 polimbirana intavyu ya ntchito za zaumoyo, ndipo ndikudziwanso kuti malo ambiri akumudzi alibe nyumba zabwino, magetsi ndi madzi. Zonsezo n'zoona, koma sizisandutsa bodza kukhala nzeru.

Wina asandimve molakwa n'kumati ndikufuna kuti aliyense azigwira ntchito kwawo. Zimenezo dziko lino linayesapo mu 1989, pamene Kamuzu Banda analamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo akuluakulu amene analipo angakuuzeni mmene sukulu zina za kuno kummwera ndi za m'chigawo chapakati zinatsalira zopanda aphunzitsi odziwa ntchito. Wogwira ntchito m'boma akhoza kutumizidwa kulikonse m'maboma 28 a dziko lino, ndipo n'chinthu chabwino kuti mwana wa ku Limbuli akaphunzitse ku Karonga, wa ku Rumphi adzachiritse anthu ku Masambanjati. Alipo ambiri amene anachita zimenezo, anaphunzira Chitumbuka kapena Chilomwe, anakwatira komweko, ndipo lero akamwalira maliro awo amalira ndi mudzi wonse. Amenewo ndimawavulira chipewa. Amene ndikulimbana nawo ndi awo amene amalemba dzina la boma ngati khomo lolowera chabe, mwendo umodzi uli kale panja.

Musanalembe Chitipa, dziwani kuti kuchokera pa Chitakale mudzadutsa Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga musanafike, ndipo kukagwa maliro kwanu mwina mudzapeza ataika kale. Dziwani kuti kumeneko mudzakumana ndi odwala kapena makolo oyankhula Chilambya, Chindali kapena Chisukwa, ndipo mudzafunika kudzichepetsa n'kuphunzira. Musanalembe Likoma, dziwani kuti ndi chilumba, ndipo ulendo wanu uzidalira tsiku limene Ilala kapena boti lina likunyamuka ku Nkhata Bay, osati tsiku limene mtima wanu wafuna. Musanalembe Nsanje, inu amene munakulira m'mphepo yozizira ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje, dzifunseni ngati mudzapirire kutentha kwa m'chigwa cha Shire m'mwezi wa Okutobala ndi madzi osefukira a m'dzinja. Mukadzifunsa zonsezo n'kupeza kuti mungathe, lembani ndipo mupite ndi madalitso. Mukapeza kuti simungathe, lembani kumene mungathe, ngakhale mpikisano utakhala waukulu, ndipo mukalephera mulephere muli munthu woona mtima. Mapanga awiri avumbwitsa.

Bodza lomweli lilinso pa kusankha mtundu wa ntchito. Munthu amene sangathe kuima kutsogolo kwa ana ang'onoang'ono kwa ola limodzi osatukwana amalemba uphunzitsi chifukwa akuti ndi kumene amatenga anthu ambiri. Munthu amene amachita nseru akaona bala amalemba za chipatala. Wina sanagwirepo khasu chibadwire koma akufuna kukhala mlangizi wa zaulimi, ndipo mumtima mwake akuwerengera tsiku limene adzasunthidwire ku ofesi ya mpando wozungulira, kumene kuli misonkhano ya kunyanja ndi maalawansi. Anthu otere timawadziwa ndi nkhope zawo, chifukwa ndi amene amakuyang'ana ngati wawasokoneza ukafika pa tebulo lawo ndi vuto lako. Pulogalamu ya IPTE itayamba mu 2005, ophunzira ake ankalonjeza kuti akamaliza adzaphunzitsa sukulu za kumudzi kwa zaka 5, ndipo ndimaona kuti amene anaika lamulo limenelo ankawadziwa bwino Amalawi anzawo. Lonjezo lotere liyenera kukhala pa fomu iliyonse imene munthu wasankha yekha boma, ndipo wolithyola popanda chifukwa chomveka asiye ntchitoyo, apatse mpata wina.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ndi kudula misewu ndi milatho kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, ena mwa amene anathandiza anthu m'masiku oyamba aja anali anamwino, alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi amene ankagona m'midzi momwemo, amene ankadziwa nyumba ya mayi woyembekezera aliyense ndi njira yodutsa mtsinje ukadzaza. Munthu amene dzina lake lili pa mndandanda wa malipiro a Mulanje koma thupi lake lili ku Ndirande sanathandize aliyense sabata imeneyo. Ndiye wina azindiuza kuti chachikulu n'kulowa? Chachikulu n'kukhalako. Kulowa aliyense angalowe.

Ndipo inu amalume, azakhali ndi makolo amene mumapereka malangizo amenewa, manyazi akugwireni. Ndinu nomwe mumadandaula pa maliro ndi pa misonkhano ya chitukuko kuti ku chipatala cha kwanu kulibe dokotala, kuti ana anu akufika Sitandade 5 osadziwa kuwerenga, koma mwana wanu akagwira fomu mumamuphunzitsa kukachitira anthu a kwina zomwezo zimene zikukupwetekani. Mukuganiza kuti ku Chitipa kulibe makolo? Mukuganiza kuti mayi wa ku Nsanje samva kuwawa akapeza chitseko chotseka?

Chinanso chimene chikundinyansa ndi makalata a ukwati amene amatulukira mwadzidzidzi nthawi ya transifa. Munthu amene tonse tikumudziwa kuti ndi mbeta kapena ndi wosakwatira amapezeka ali ndi kalata yosonyeza kuti mwamuna wake kapena mkazi wake ali ku Lilongwe ndipo akufuna kutsatira banja, wina amabwera ndi kalata ya matenda amene amangomugwira akakhala kumudzi koma akafika m'tauni amachira okha. Chifukwa cha anthu amenewa, mayi amene alidi pa banja, amene ana ake akukula osamuona, kapena bambo amene akufunikadi kukhala pafupi ndi chipatala chachikulu monga Queens chifukwa cha matenda enieni, akapereka pempho lake amayang'anidwa ndi diso lokayikira, ndipo fayilo yake imagona pansi pa mafayilo a anthu abodza.