Nyama za ku Kariba anazikumbukira madzi atafika kale m'khosi

Anthu amakonda kutamanda Operation Noah, ntchito ija yopulumutsa nyama nthawi imene damu la Kariba linkadzaza pa mtsinje wa Zambezi. Inenso ndimaiyamikira, koma osati ndi mtima wonse.

Khoma atalitseka mu 1958, madzi anayamba kukwera m'chigwa, timapiri n'kusanduka zilumba. Nyama zinaunjikana pamenepo, msipu n'kutha. Rupert Fothergill, woyang'anira nyama zakutchire ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe), ndi anzake, ambiri mwa iwo anthu akuda amene mayina awo satchulidwa n'komwe, ankapita pa maboti, kupirikitsira nswala ndi njiri m'maukonde, n'kuzimanga miyendo. Zingwe zinkacheka khungu la nyamazo, ndiye anapempha azimayi kuti atumize masokosi awo a nayiloni, n'kumalukira zingwe zofewa. Chipembere ankachibaya mankhwala ogonetsa kaye asanachiwolotse. Njoka nazonso ankazitsitsa m'mitengo yomwe inali itatsala pang'ono kumira. Pofika 1964 anali atapulumutsa nyama zoposa 6,000, zambiri n'kukazisiya cha ku Matusadona, komwe lero ndi malo osungirako nyama zakutchire ku Zimbabwe.

Kulimba mtima kunalipo, sindikutsutsa. Koma ntchito yomanga damu inayamba m'ma 1955, ndipo mainjiniya ankadziwa bwino lomwe pamene madzi adzafike. Makatapila anapezeka okokera maunyolo akuluakulu, kugwetsa nkhalango kuti maukonde a asodzi asadzakodwe m'zitsa. Za nyama bwanji anadikira mpaka zitayamba kumira? Komanso tisaiwale kuti Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa chomwecho, ena kukatulidwa pa nthaka yosabereka, pomwe zithunzi zomwe zinkamvetsa chisoni anthu ku London zinali za agwape.

Lero khalidweli lidakalipo. Kontrakitala amabwera ndi katapila m'mawa, pofika madzulo tchire lonse lili pansi. Njovu palibe angailambalale osaiona, koma fulu, nanzikambe, ngaka yodzipinda m'una mwake, izo zimangophwanyidwa. Zikapulumuka ku katapila zimathera mumphika kapena kwa ogula mamba a ngaka mozemba.

Ine ndikuti kusaka ndi kusamutsa nyama kuzikhala mu bajeti ya womangayo, monga simenti, ndipo kuzichitika katapila asanalire. Akakamanga damu la Mpatamanga pa Shire, pafupi ndi Majete pomwepa, tisadzamve kuti akupempha thandizo la maboti madzi atakwera kale.

Kokazisiya nako n'kofunika kukuganizira. Mu 2022 njovu 263 zinachotsedwa ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo chichokereni nthawiyo anthu a m'midzi yozungulira, kuno ndi ku Zambia komwe, akhala akudandaula za minda yodyedwa ndi abale awo ophedwa. Mpanda ndi zokambirana ndi mafumu zizitsogola, lole yonyamula nyama izibwera pambuyo.